Aphunzitsi Likongwe ndi Timu ya Nambala Seveni

M'nyumba imene ndinkachita lendi ku Highfields, mu mzinda wa Leicester, munali zipinda zinayi ndi khitchini imodzi, ndipo mwa anthu onse amene ndinakhala nawo m'menemo, amene anandipsetsa mtima kwambiri ndi a Gracian Likongwe. Sankatapa shuga wa munthu, sankasiya mbale zakuda m'sinki, sankatsegula wailesi mokweza. Vuto lawo linali loti ankavutika mwaulemu, iwe n'kumangoonerera osadziwa pogwira. Ine ndine Chrissie, ntchito yanga ndi ya unesi, ndipo munthu wobisa pamene pakumuwawa amanditopetsa.

Tonse tinkawatchula kuti Aphunzitsi. Kumudzi anaphunzitsa Sitandade 8 kwa zaka zambiri pa sukulu ina cha ku Nsipe, ku Ntcheu. Kuno ku Leicester ankachapa ndi kusita zovala pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Wigston, basi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ankati ntchitoyo amaikonda chifukwa mashiti a pabedi sayankha mwano. Anali munthu wamtali, wochepa thupi, woyenda ataika manja kumbuyo ngati akuyang'anirabe ana olemba mayeso, ndipo ngakhale popita kukataya zinyalala ankapisira malaya.

Anabwera kuno mu 2002 kutsatira akazi awo, omwe anali nesi ngati ine, ali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mtendere, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 2010 mayi aja anapeza ntchito pa chipatala china ku Pittsburgh, ku America, n'kupita ndi mwana. Pangano linali loti Aphunzitsi atsatira mapepala awo akatheka. Mapepala anachedwa chaka, kenako zaka ziwiri, ndipo mmene zinkafika poti mwina n'kutheka, n'kuti kulibenso wowadikira. Ukwati unangozima wokha popanda wotukwana mnzake. Iwo anatsala ku Leicester ndi sutikesi ziwiri ndi simbi yawo yositira.

Ine ndinalowa m'nyumbamo mu 2017, ndipo Lamulungu loyamba lomwe ndinaona zodabwitsa. Cha m'ma hafu faifi madzulo Aphunzitsi anatsika atavala malaya oyera ositidwa bwino, anapukuta tebulo la m'khitchini, n'kutsamiritsa foni yawo pa chitini cha shuga. Pambali anaika kope la sukulu ndi cholembera chofiira. Sikisi koloko itakwana foni inalira, ndipo pagalasi panaoneka pabalaza pa nyumba ina, kanema wamng'ono ngati bokosi la machesi chakutsogolo, ndi phewa komanso khutu la mnyamata chakumbali. Ameneyo anali Mtendere, tsopano bambo wa ndevu zake wogwira ntchito ya makompyuta. Foni yake ankaitsamiritsa pa khushoni kuti bambo ake aziona kanemayo, ndipo awiriwo ankaonera limodzi mpira wa ku America kwa maola atatu.

Mpira umenewu ine sindinaumvetse mpaka lero. Amati mpira wamiyendo koma amaunyamula m'manja. Amuna akuluakulu ovala zipewa ngati za pa njinga yamoto amathamanga masekondi asanu, kugwetsana, kenako n'kuchita msonkhano. Akatha msonkhano agwetsananso. Koma Aphunzitsi ankadziwa malamulo ake onse, ndi mayina a osewera a timu ya ku Pittsburgh, ndi amene bondo likumuvuta sabata imeneyo.

Mmene zinayambira anandiuza okha tsiku lina tikusenda mbatata. Mtendere atapita ku America ankaimba mwa apo ndi apo, ndipo macheza ake anali a mawu amodzi amodzi: sukulu ili bwino, amayi ali bwino, kunja kukuzizira. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, monga ana ambiri okulira kuno. Tsiku lina anaimba kanema ali chiyatsire, ndipo bambo ake posowa chonena anafunsa kuti anthu awo akugwetsana chifukwa chiyani. Mwana amene sankatha mphindi zitatu pa foni analankhula mphindi makumi anayi osapuma. M'mawa mwake Aphunzitsi anakagula kope. Ku ntchito anakapempha kuti azigwira Loweruka lililonse ndi masiku onse a tchuti, bola Lamulungu azikhala pakhomo, ndipo anzawo anavomera msangamsanga poganiza kuti apeza wopusa.

Tsono mpira umenewu nyengo yake ndi yaifupi. Umayamba mu Seputembala, zaka zimenezo timu iliyonse inkasewera masewero 16, pofika kumapeto kwa Disembala ligi yatha. Matimu onse alipo 32, ogawidwa mbali ziwiri, ndipo nthawi imeneyo mbali iliyonse inkatumiza matimu sikisi okha ku ndime yachipulula ya mu Januwale. Mtendere anali ndi khalidwe loti timu yake ikatuluka, iyenso watuluka. Za matimu a eni sankaonera. Ndiye kuti kwa Aphunzitsi timu ya ku Pittsburgh ikagonja komaliza, mawu a mwana wawo ankathera pomwepo.

Ndinaziona ndi maso anga mu Januwale 2018. Timu ija inalowa m'chipulula n'kugonja pa sewero loyamba lomwe. Mtendere anatukwana pang'ono, anapepesa, kenako anatsanzika moseka kuti aonana mu Seputembala. Aphunzitsi nawo anaseka. Foni itazima anakhala pamenepo akuyang'ana chitini cha shuga, mpaka ndinachita kuwapempha kuti andipatsire.

Lamulungu lotsatira anatsikanso ndi malaya oyera aja. Sikisi koloko itakwana anatenga foni, anadina dzina la Mtendere, inalira kamodzi, iwo n'kudula. Anamufulasha, monga timachitira kwathu. Anaika foni patebulo n'kudikira mpaka seveni, kenako anakwera kuchipinda kwawo. Anachita zimenezi Lamulungu lililonse, Febuluwale, Malichi, Epulo, ndipo foni sinabwezedwe ngakhale tsiku limodzi. Mwana ankatumiza timauthenga tolemba pa Pasaka kapena pa tsiku lobadwa, mizere iwiri ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Ine zinandikwana. Ndinawafunsa kuti bwanji osangoimba zenizeni, popeza masiku ano kuimba pa intaneti sikudya mayunitsi. Anandiyankha modekha ngati akufotokozera mwana wa Sitandade 3. Anati chichokereni Mtendere, iwo anamuimbira zenizeni katatu kokha: koyamba kumuuza kuti agogo ake amwalira ku Nsipe, kachiwiri azakhali ake. Ulendo wachitatu anayesa kuimba popanda nkhani, ndipo mwana anayankha akupuma mwabefu, atathawa mu msonkhano wa ku ntchito, funso lake loyamba n'kukhala loti wamwalira ndani. Atamva kuti palibe, anangoti ali pa ntchito. Kuyambira tsiku limenelo Aphunzitsi anaona kuti foni yawo imanunkha maliro, ndipo sanafune kumaopseza mwana. Komanso, anatero akukonza kolala, kwathu mwana ndiye amapita kukapereka moni kwa kholo. Fulashi inali yokwanira, yongoti ndilipo.

Mu Juni kunabwera kaphukusi kochokera ku America. Aphunzitsi anakatsegulira m'khitchini momwemo ndi mpeni, mosamala kuti pepala lisang'ambike. Munali kachikwama ka foni kachikopa, kokhala ndi chivundikiro chotseka ndi maginito, ndi kakhadi. Anandipatsa kuti ndiwerenge. Mtendere analemba kuti foni ya bambo ake yakhala ikumuimbira yokha ili m'thumba pafupifupi sabata iliyonse, ndiye wawagulira ichi kuti vutolo lithe.

Ndinafuna kukaponya kunja kachikwamako. Thumba lanji lodziwa kuti lero ndi Lamulungu, nthawi ndi sikisi koloko? Koma ndikaganiza bwino, mwanayo anachoka ku Malawi asanagwirepo foni. Kufulasha akanakudziwira kuti? Aphunzitsi anakanunkhiza, anayamikira kuti ndi chikopa chenicheni, n'kulowetsamo foni yawo. Ndinawauza kuti amulembere, amufotokozere kuti silinali thumba. Anapukusa mutu.

"Mwana waganiza za bambo ake, wapita kusitolo, watumiza. Ndimuuze kuti walakwitsa? Iyayi, achemwali. Ndipo ndikafulashanso adzati mphatso yake ndi yachabechabe."

Kufulasha kunathera pomwepo. Miyezi itatu yotsatirayo inali yowawa kuionerera. Dzuwa la kuno nthawi imeneyo limalowa mochedwa, ndiye Lamulungu madzulo ankavala malaya aja n'kupita kukazungulira paki ya ku Spinney Hill, manja kumbuyo, pakati pa mabanja a eni akudya ayisikirimu. Pobwera ankadzera pa golosale ya a Haroon, eni nyumba yathu, mmwenye wobadwira ku Limbe amene Chichewa chake chimaposa cha ana athu.

Ndi nthawi imeneyi pamene anatola nkhani ya nambala seveni. Anawerenga penapake kuti ku America anthu akhala akutsutsana ngati n'koyenera kuwonjezera matimu olowa m'chipulula, kuti mbali iliyonse izitumiza seveni m'malo mwa sikisi. Aphunzitsi anaigwira nkhaniyi ngati ya munda wa makolo awo. Anaifotokozera a Haroon, omwe anamvetsera mwaulemu kwinaku akuyeza anyezi, kenako n'kuwafunsa ngati sangayesere kukonda kiriketi, masewero a anthu. Anakaiyambitsanso kutchalitchi pa nthawi ya tiyi, koma azibambo a kumeneko n'kuti akadali oledzera ndi chikho chimene Leicester City inatenga mu 2016, ndipo wina anawafunsa ngati ku America kuja anawalonjeza mpando. Mu mzinda wonse wa Leicester munalibe munthu woti n'kutsutsana nawo pa nkhaniyi. Wotsala ndinali ine, ndipo ndinaimva kokwana mpaka ndinkatha kuilakatula.

Seputembala atafika, foni inaliranso pa chitini cha shuga, ndipo Aphunzitsi anayambanso kudya bwino. Nkhani ya nambala seveni anaitula kwa Mtendere pa Lamulungu lachiwiri, ndipo mwa mwayi wawo mwanayo anaikana kwamtuwagalu. Ankati chipulula n'chokoma chifukwa kulowamo n'kovuta. Ukatsegula chitseko kwambiri, timu yaulesi imene yagonja theka la masewero ake izilowanso, ndipo masewero a mu Okutobala adzakhala opanda mchere. Ankatinso eni matimu akungofuna kukhutitsa a kanema, osaganizira osewera amene mitu ndi maondo zikuphwanyika kale.

Aphunzitsi ankayankha ngati mphunzitsi wa Sitandade 8. Ankati iwo anaona ndi maso awo zimene mzere umachita ukajambulidwa pamwamba kwambiri. Chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku sekondale akabwera, pankakhala mwana mmodzi kapena awiri amene atsalira pakhomo penipeni, osati chifukwa cha umbuli, koma malungo a sabata ya mayeso kapena maliro a pakhomo. Ankatchula mtsikana wina dzina lake Edina, amene anatsala pa masankho oyamba, analira mpaka kutupa maso, kenako dzina lake linatuluka pa masankho achiwiri, ndipo lero ndi dokotala wamng'ono pa chipatala china ku Balaka. Kodi Edina anachepetsa ulemu wa sekondale? Nanga timu imene wosewera wake wamkulu anavulala mu Novembala, siyoyenera masankho achiwiri?

Mtendere ankaseka n'kunena kuti mpira si sukulu. Ankakangana choncho pa nthawi yopuma, pa nthawi ya malonda a pa kanema, nthawi zina mpaka mpira utatha. Ine ndinkakhala chapafupi ndikunamizira kuphika nyemba, ndipo ndinene zoona, panalibe chondikakamiza kuphika nyemba Lamulungu lililonse. Kuchipinda kwanga kunali zii, ndipo m'khitchinimo munkamveka ngati pakhomo pa anthu. Ndili pomwepo ndinazindikira kachinyengo ka Aphunzitsi. Sankafuna kupambana mkanganowo. Akaona kuti mwana watsala pang'ono kugonja, ankamupatsa okha mfundo ina yowatsutsira, amvekere, komabe mwina ukhoza kunena kuti kuyenda maulendo ambiri kumatopetsa osewera. Mtendere n'kuitola, mkangano n'kuyambiranso.

Chaka chimenecho timu ya ku Pittsburgh inayamba bwino ndithu, koma chakumapeto inayamba kuterereka. Kope la Aphunzitsi linadzaza ndi mivi yofiira: awa akagonja, awo akapambana, ife tilowa. Pofika Lamulungu lomaliza la Disembala, timuyo inkafunika kupambana, komanso timu ina ya kwina igonje. Ine ndinali ku ntchito. Nditafika m'mawa wa pa 31 ndinawapeza ali patebulo paja, atavala kale za ku ntchito, tiyi atazizira m'kapu. Sindinafunikire kufunsa koma ndinafunsabe. Anati anyamata awo anapambana, koma timu ina ija sinagonje. Anatembenuza kope kuti ndione. Anali atalemba matimu a mbali yawo kuyambira woyamba, atajambula mzere ndi rula pansi pa nambala sikisi. Pansi pa mzerewo penipeni panali Pittsburgh.

"Nambala seveni," anatero. "Akanamva zanga anthu aja, bwenzi tili ndi Lamulungu lina. Limodzi lokha, koma lina."

Ndinakhala pansi ndisanavule ndi jekete lomwe. Ndinali wotopa, ndipo ndikatopa ulemu umandichepera.

"Aphunzitsi, mundiuze zoona. Mpira umenewu mumaukondadi?"

"Mpira wakewo sindinauonepo, achemwali. Pa foni paja suoneka, ndi waung'ono kwambiri. Ndimangomvera kwa iye kuti wapita kuti."

"Nanga maola atatu onse aja mumayang'ana chiyani?"

Anatseka kope lija, n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Khutu lake. Ali ndi khutu la mayi anga."

Anaimirira, anatsuka kapu, n'kupita kukakwera basi. Ine ndinatsala pamenepo ndili ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, osadziwa kuti ndikwiyire bambo kapena mwana. Kuyambira Januwale mpaka Seputembala ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo ulendo uno analibe ndi fulashi yomwe.

Pa chitseko cha firiji yathu panali pepala limene ndinamata ndekha nditangolowa m'nyumbamo, loti aliyense alembepo nambala ya wachibale woti n'kumudziwitsa zinthu zikavuta. Anthu okhala okha kunja kuno amatha kugwa m'bafa osadziwika kwawo. Pa mzere wa Aphunzitsi panali nambala ya Mtendere. Ndikudziwa kuti sinaikidwe pamenepo kuti ndizilowerera za m'banja la eni, koma ndinaitenga.

Ndinamulembera m'Chingerezi kuti asanamizire kusamva. Ndinamukumbutsa kuti ndine anti wa nyemba uja amandiona ndikudutsa kumbuyo kwa bambo ake. Ndinamuuza kuti palibe wamwalira. Kenako ndinamufotokozera kuti kwathu munthu akaimba foni n'kudula italira kamodzi, si thumba, ndi uthenga, ndipo tanthauzo lake ndi loti ndilipo, ndakukumbuka. Ndinamuuza kuti akaone yekha masiku ndi nthawi za mafoni a m'thumba aja. Panapita maola angapo. Yankho lake linali lalifupi: wakaona, onse anali a Lamulungu, wani koloko masana nthawi ya kwawoko, nthawi yoyambira mpira. Sanawonjezere kanthu, ine sindinawonjezerenso.

Lamulungu loyamba la Januwale Aphunzitsi anatsika ndi malaya oyera, mwina mwa chizolowezi chabe. Foni sanaitsamiritse pa chitini, anangoiika patebulo ili chitsekere m'kachikwama kake, n'kumawerenga nyuzipepala yaulere ya m'basi ya Lachisanu. Ine ndinali pa nyemba zanga. Sikisi koloko yeniyeni foni inalira. Aphunzitsi anaigwira mwaphuma, zala zikulimbana ndi maginito aja, ndipo mmene ankatsegula chivundikiro n'kuti itadula kale. Inalira kamodzi kokha.

Ndinaluma mlomo. Kulakwa kunali kwanga. Ndinamuuza mwana uja kuti fulashi imatanthauza ndakukumbuka, koma ndinasiya mbali imene Mmalawi aliyense amaidziwa osauzidwa, yoti ndiimbire. Iye anangobweza zomwe anaphunzitsidwa, n'kuganiza kuti wamaliza.

Koma Aphunzitsi anali akuyang'ana dzina lija pagalasi, ndipo nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono.

"Wafulasha," anatero. "Mwana akafulasha, kholo limaimba. Mwina pali vuto."

Sanayang'ane kwa ine. Anakonza kolala n'kudina. Mtendere anayankha msanga, akuseka mwamanyazi, n'kunena kuti palibe vuto, amangopereka moni wa chikwathu. Apa Aphunzitsi anandiponyera diso limodzi, ine n'kuweramira mumphika. Anafunsana za moyo. Anafunsana za kuzizira, ndipo zinapezeka kuti ku Pittsburgh kukuzizira kuposa ku Leicester. Kenako mawu anawathera onse awiri. Panalibe kanema woti awathandize. Aphunzitsi anayesa kudzutsa nkhani ya nambala seveni, kuti waona tsopano, chikhala masankho achiwiri bwenzi lero tikusewera. Mtendere anati mwina ndi zoona, bala likadali laliwisi, asaikambe. Kuvomera kwa mwanaku kunawasowetsa pogwira kuposa kutsutsidwa. Anatsanzikana. Ndinayang'ana wotchi ya pa chitofu, zinali mphindi zisanu ndi imodzi.

Kenako Aphunzitsi anati aiwala kumufunsa ngati amadya mokwanira, chifukwa mu Disembala phewa lija linkaoneka lochepa. Za amene anaphunzitsa mwana wawo kufulasha sanandifunse, tsiku limenelo kapena lina lililonse. M'mawa mwake ndinangopeza yunifomu zanga zitatu zimene ndinasiya pa chingwe zitasitidwa, zitapachikidwa pa chitseko changa.

Lamulungu lotsatira foni sinalire. Aphunzitsi anakhala patebulo paja ndi malaya awo oyera kuyambira hafu faifi. Anatsegula chivundikiro kawiri kuona ngati batire lilipo. Seveni itakwana anati achinyamata amatanganidwa, n'kukwera masitepe pang'onopang'ono atagwira chitsulo cha m'mbali, zomwe sindinawaonepo akuchita. Ndinadya ndekha, ndipo nyembazo zinali zosapsa bwino.

Sabata yonseyo sitinaikambe nkhaniyi. Ndinaganizapo zomulemberanso Mtendere, koma ndinaona kuti ndalowerera kokwanira. Munthu sungakhale ukukankha anthu awiri akuluakulu kuti apatsane moni mpaka kalekale.

Lamulungu lachitatu kunkagwa kamvula kozizira kaja kosatha. Aphunzitsi anatsika nthawi yawo. Sikisi koloko inakwana, inadutsa. Teni pasiti, kotala pasiti. Ndinkamva wotchi ndi madzi a m'ngalande ya padenga basi. Kenako ndinamva kaphokoso ka chikopa. Nditatembenuka ndinaona akutulutsa foni m'kachikwama kaja, movutikira chifukwa kanali kothina. Anakapukuta ndi mpango, anakatseka bwinobwino, n'kukaika pambali pa kope. Foni inatsala yamaliseche m'dzanja lawo monga kale. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anadina. Inalira kamodzi, anadula, n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga.

Tinadikira. Ine ndinazimitsa moto kuti mphika usasokose. Panapita mphindi zitatu, mwina zinayi, ndipo ndinayamba kukonza m'mutu mawu owatonthoza amene ndinkadziwa kuti sawalandira.

Foni inalira. Aphunzitsi sanaigwire. Manja awo anali pa maondo, maso pagalasi. Inalira kachiwiri. Ndinatsala pang'ono kuwakalipira kuti tayankhani, koma ndinazindikira kuti akuwerenga kuti yalira kangati, akufuna atsimikize kuti si fulashi. Italira kachitatu anatambasula dzanja, anatsokomola pang'ono kukonza kukhosi, n'kuyankha ndi mawu a munthu amene wasokonezedwa pa ntchito yofunika.

"Ee, Mtendere. Kwagwanji?"